Ndinalumbira kuti sindidzamvanso mawu a mwana wanga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 63, mlimi wa njuchi kuno kumapiri a Hajjah. Si khalidwe langa kulembera nyuzipepala, ndipo anzanga akamva andiseka, koma nkhaniyi yandifika pakhosi.

Ndinali ndi ana aamuna awiri. Wamkulu, Nashwan, anathawa nkhondo itangoyamba, ali ku Ulaya. Wamng'ono, Wadhah, anatsala nane kunjuchi. Chaka chilichonse mitengo ya masau ikayamba maluwa timakweza ming'oma pagalimoto n'kupita nayo kuchigwa, monga ankachitira bambo anga pangamila. Ming'oma yathu ndi yaitali, timaisanja ina pamwamba pa inzake n'kuifunditsa lona. Ati munthu wa m'ndege akayang'ana pansi amaona ngati mizinga. Miyezi isanu ndi inayi yapitayo Wadhah ananyamuka ndi ming'oma makumi anayi. Ine ndinatsala chifukwa cha bondo langali. Ndege yankhondo inamupeza pamlatho n'kuponya bomba. Titafika sitinathe kumuyandikira, chifukwa njuchi zotsala zinali zitalusa, zikuluma aliyense. Tinaima patali kudikira kuti zikhazikike, mwana wanga ali chigonere pamsewu.

Pamalopo ndinatola kachitsulo kolembedwa zilembo za azungu ndi manambala. Ndinakajambula n'kutumizira Nashwan, poti iye zoterezi amawerenga. Tsiku lachitatu la maliro, nyumba itadzaza amuna odzapepesa, Nashwan anaimba foni. Ine ndi matama angawa ndinakweza mawu a foniyo kuti onse amve mwana wanga wophunzira.

"Bambo," anatero, "dzinalo ndikulidziwa. Ndi la kampani imene ndimagwirako ntchito."

"Ukuti chiyani, iwe?"

"Ndimalongedza tizitsulo m'mabokosi. Anatiuza kuti n'ta ndege, ine sindinafunse kuti ndege zanji." Kenako akulira anati, "Ayi, ndisaname, bambo. Ndinkakayikira, koma ndinkaopa kulandidwa mapepala okhalira kuno."

Msuweni wanga Hamud, amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale pamaliro, anati, "Ee, ndiye kuti mkulu amatumiza, mng'ono n'kulandira." Magazi anandikwera kumutu. Ndinatsitsa Korani pashelefu, ndinaikapo dzanja, n'kulumbira pa dzina la Mulungu kuti sindidzamvanso mawu a Nashwan, ndipo mawu akewo sadzamvekanso m'nyumba mwanga ine ndili moyo. Amuna makumi atatu anamva ndi makutu awo.

Kuyambira pamenepo iye amaimba, ine ndimadula. Ndinamva kwa achibale kuti ntchito ija anaisiya sabata yomweyo, pano akutsuka mbale m'malo odyera. Sindinasunthike. Ine ndine munthu wa mutu wouma, aliyense pano akudziwa.

Koma amake Nashwan akutha ine ndikuona. Sakangana nane, bola akanakangana. Amandiikira buledi ndi tiyi, n'kukakhala pazenera. Mankhwala awo a shuga akusowa m'zipatala chitsekedwere misewu, ndipo maso ayamba kuchita mdima. Sabata yatha anandiuza chapansipansi kuti, "Bambo a Nashwan, nkhope yake sindidzaionanso, ndavomera. Koma makutu ndikadali nawo."

Aphungu, mwanayo ndimamusowa, ndinene zoona. Koma ndikangokumbukira Wadhah pamsewu paja mtima umatentha, ndipo ndimati manja amene analongedza zimenezo sindingawakhululukire. Komanso lumbiro si masewera. Ndikaliswa, Mulungu andiona bwanji? Nanga amuna aja? Ndithandizeni nzeru.

H.S.A., Hajjah

Bambo H.S.A.,

Mulungu amuchitire chifundo Wadhah, inu ndi mayi akupatseni kupirira. Kalata yanu yandiliza. Koma mwandifunsa, ndiye ndikuuzani mosapsatira.

Mwakwiyira munthu amene dzanja lanu likumufikira. Amene anaponya bombalo simumudziwa. Amene anasaina mapepala oligulitsa, akudziwa bwino lomwe kumene zinthuzi zikugwera, ali m'maofesi awo kutsidya kwa nyanja, ana awo akupita kusukulu mtima uli m'malo, ndipo dzina la Wadhah sadzalimva. Mkwiyo wonse woyenera anthu amenewa mwamusenzetsa mwana mmodzi wotsuka mbale.

Nashwan sindikumuyeretsa ayi. Anakayikira n'kutseka maso, ndipo zimenezo adzayenda nazo moyo wake wonse. Koma ganizirani izi. Akanatha kukuuzani kuti zilembozo sizikuwerengeka, inu simukanadziwa mpaka kalekale. Iye ananena zoona kwa bambo ake, osadziwa n'komwe kuti mudzi wonse ukumvetsera. Mwana wotere munamulera bwino.

Za lumbirolo, pitani kwa shehe wa mzikiti wanu mukamufotokozere monga mwandifotokozera ine, osasiya za mayi. Akukumbutsani zimene munaphunzira muli mnyamata, kuti lumbiro lodula ubale silisungidwa. Munthu amalimasula n'kupereka dipo lake, kudyetsa osauka khumi. Anthu khumi anjala ku Hajjah masiku ano simuyenda kutali powafuna, misasa ya othawa nkhondo yadzaza nawo. Mapira alipo pang'ono, uchi wotsala ulipo, zikwana. Ndipo chigawo chachiwiri cha lumbirolo munalumbirira makutu a eni ake. Mayiwo anataya mwana tsiku lomwelo limene inu munataya, koma palibe anawafunsa.

Ndiye yambani ndi iwo, lero lomwe, shehe musanamuone n'komwe. Apatseni foni aimbe okha. Ngati mtima sukulola, tulukani mukakhale pakhonde, alankhule mpaka atope. Kenako ndi inu. Sindikuti mumuuze kuti mwakhululuka, pakuti mwina simunafikepo, ndipo bodza adzalimva. Mupatseni moni, mumufunse ngati wadya. Mukafuna kumukalipira mukalipireni ndithu. Mwana amapirira kukalipiridwa, chimene chikumupha ndi kudulidwa foni.

Amuna makumi atatu aja asakusowetseni mtendere. Munalumbira pagulu, masulani pagulu. Tsiku lodyetsa osaukalo aitaneni, muime, munene kuti mkwiyo unakulankhulitsani ndipo mwapereka dipo. Ambiri mwa iwo aika ana m'manda pa nkhondo ino, ndipo akumvetsani kuposa mmene mukuganizira. Hamud mumupatse ntchito yotunga madzi tsiku limenelo, pakamwa papumeko.

Kachitsulo kaja musakataye. Pali anthu amene akulemba mayina a anthu wamba ophedwa pa nkhondoyi, ndi tsiku, ndi malo, ndi chimene chinawapha. Funsani mosamala, kwa anthu amene mumawakhulupirira, muwapatse chithunzi chake. Nashwan akudziwa chilankhulo cha dziko limene kanachokera, ndipo anaona mkati mwa fakitale. Akafuna, akhoza kukaima pamaso pa atolankhani ndi maloya a kumeneko n'kutchula dzina la mng'ono wake. Sindikulonjezani kuti ndege zisiya kuuluka. Koma mkwiyo wanu udzakhala walunjika kwa eni ake, ndipo mudzakhala awiri pounyamula.

Chenjezo langa ndi ili, musati mudikire mtima uzizire. Shuga wopanda mankhwala sadikira munthu, ndipo inu nokha mwati mayiwo akutha. Lumbirolo mudzaliswabe, bambo, mufune musafune. Mungaliswe sabata ino pomupatsa moni mwana wanu, amayi ake ali pambali akumva. Mukachedwa, mudzaliswa tsiku limene mudzamuimbire nokha kumuuza kuti amayi ake mwawaika.

Aphungu