Maondo Obwereka

Volos,
24 Julayi 2003

Okondedwa achemwali Evdokia,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Melbourne konko. Ine ndiye ndatopa, achemwali. Ndikulemba mwendo uli pampando.

Opaleshoni ija inachitika masabata atatu apitawo. Sanang'ambe ayi. Anangoboola timabowo titatu, n'kulowetsa kakamera ndi kampeni, n'kudula mnofu umene unkakokera kumbali kafupa ka pamwamba pa bondo. Akuti tsopano kabwerera pakati. Ndikuyendera ndodo ziwiri, ndipo mafizo akundiliza ngati mwana.

Ndinakuuzani kuti ndinagwa pamasitepe. Linali bodza, mundikhululukire. Mwana wanga Fotini atagonekedwa ndi mapapo aja, madokotala atataya mtima, ndinawinda kwa Amayi Maria kuti akachira, ndidzakwera chogwada kuchokera padoko la pachilumba cha Tinos mpaka kutchalitchi chawo chapaphiri, pa chikondwerero chawo cha pa 15 Ogasiti, zaka zitatu. Anachiradi. Ndakwera kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndi umene unagulula bondoli. Chaka chachitatu ndi chino.

Nditawafunsa adokotala za ulendo wa chaka chinowu, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, mukangogwada, kuno musabwerenso. Akakusokeni Amayi Maria omwewo."

Dzana ndinamva chinthu chikukhwekhwerezeka pakhonde. Ndinapeza ali alamu anu a Lefteris, munthu amene m'tchalitchi analowamo komaliza pa ukwati wathu, akukwawa ali wefuwefu, atamanga m'maondo zikopa zawo zoikira matailosi.

"Bambo inu, mutu ukuyenda bwino?"

"Ndikuphunzira ntchito yako. Zaka makumi atatu ndagwadira mabafa a eni ake, ndilephere kugwadira mwana wanga?"

"Ndi mimba imeneyo? Anthu akakusekanitu!"

"Aseke. Iwe unalonjeza maondo, mwini wake sunamutchule."

Ndinaseka, kenaka ndinalira. Koma mtima sukukhala pansi, chifukwa pakamwa panalonjeza ndi panga. Chonde mukandifunsire kwa ansembe anu ngati maondo obwereka amalandiridwa. Athu akunowa sindingawafunse, ndi okwatira ndipo akazi awo sasunga mawu. Mundiyankhe pafoni, kalata ichedwa. Muimbe m'mawa Fotini atapita kuntchito, chifukwa iye sakudziwa chilichonse.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Fotini nayenso akupereka moni. Wayamba kutsokomola kuyambira Lachiwiri. Ndi chimfine chabe, achemwali, ndikudziwa kuti ndi chimfine chabe. Matikiti a sitima yapamadzi ya ku Tinos ndagula awiri, yanga ndi ya alamu anu.

Ndine mng'ono wanu,
Stamatia