Ndapeza Woyenda Naye M'phiri

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi bambo a ana ndi adzukulu anga. Kodi chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Kuno kuchilumba tili bwino. Mchimwene wako akugwirabe ntchito kudoko, mlamu wako wabwerera ku ofesi, ndipo khanda lawo limene ndinabwera kudzalera layamba kukwawa, likugwetsa chilichonse.

Paja adokotala anati ndiziyenda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Ndinkangozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka mayi wa pagolosale anandikokera ku gulu lawo lokwera mapiri Loweruka lililonse. Poyamba ndinawaseka. Ndinati ine ndinakula ndikukwera phiri kokatola nkhuni, ndiye lero ndikakwere n'kubwerako chimanjamanja?

Koma ndinapita. Timakwera basi mpaka pothera msewu. Kuchoka apo kanjira kamalowa m'nkhalango, kamadutsa pamathanthwe, n'kukatulukira pamwamba pomwe umaona mzinda wonse uli pansi, sitima zili padoko ngati zidole, nyanja mbali zonse. Tsiku loyamba ndinavala nsapato za kutchalitchi. Tisanafike n'pakati pomwe, zidendene zinali matuza okhaokha. Ndinakhala pamwala n'kuuza anzanga kuti andipeza pobwerera.

Munthu mmodzi anatsala nane. Ndi bambo wamasiye amene ankayendetsa boti lowolotsa anthu asanapume pantchito, ndipo gulu lonse limawatcha Akaputeni. Anati nawonso atopa, koma linali bodza, ngakhale thukuta analibe. Anatulutsa pulasitala m'chikwama, anandibwereka ndodo yawo, tinatsika pang'onopang'ono akundiuza mayina a mbalame. Ndikukhulupirira kuti ena mwa mayinawo ankangopeka.

Kuyambira pamenepo timayenda limodzi kumbuyo kwa gulu, moti anzathu amatitcha mchira. Njira ya m'mbali mwa nyanja, yokathera pansanja ya nyali yowongolera sitima, taidutsa kambirimbiri mpaka agalu a kumeneko asiya kutiuwa.

Tsono khala pansi, mwanawe. Loweruka lapitali titafika pamwamba, Akaputeni anayamba kutsokomola, kukonza chipewa, kenako anati akufuna tiziyenda limodzi ngakhale masiku amene si Loweruka. Ndinawafunsa ngati akunena Lachitatu. Anati akunena ukwati. Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinaona kuti kuseka kwatha koma misozi sikusiya.

Sindinavomere pomwepo. Ndinawauza kuti ndili ndi mwana wamkazi amene wandisunga chimwalirireni bambo ake, ndipo sindingamulumphe. Mchimwene wako ndamuuza, iye anangoti zili bwino bola asamamuitane kokwera phiri. Koma iwe ndi amene unandimangira chipinda kwanuko, ndipo ndikudziwa kuti ukundiyembekezera mwezi wamawa.

Bambo ako sindinawaiwale, ndipo sindidzawaiwala. Kungoti ndinkayesa kuti zanga zinatha, chatsala n'kulera adzukulu basi. Lero ndikupezeka ndikusita bulauzi Lachisanu, ndikuimba ngati mtsikana.

Pempho langa ndi lakuti usayankhe msanga. Sukulu akatsekera ubwere ndi ana, udzawaone wekha bambowa. Udzawapanikize ndi mafunso monga ndinamupanikizira mwamuna wako tsiku lija anatuluka thukuta pampando wathu. Ukadzakana ndidzamva, ngakhale ndidzadandaula. Koma ndisakunamize, mwana wanga. Mtima wanga unavomera kale, pakamwa pokha m'pamene pakudikira iwe.

Undiperekere moni kwa bambo a ana, ndipo adzukulu angawo uwapsompsone. Azakhali ako uwapatse moni wokha, nkhaniyi usawauze kaye, chifukwa akaimva m'mawa, pofika masana andisokera kale diresi.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mayi ako wokukonda.