Alamu anu ndi makompyuta a ku Vubwi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana ku Kitweko. Ife kuno ku Sinda tilipo, chifuwa cha mwana wanga Chisomo chachepako, koma mtima wanga sunakhale m'malo.

Alamu anu anaitanidwa kusukulu ina ku Vubwi, kumene makompyuta anayamba kuchedwa pa intaneti atangowaikira pulogalamu yatsopano yowayendetsa. Anati ndi kantchito kochepa, koma sabata inatha osabwera. Loweruka ndinapita kukawasiyira zovala. Ndinawapeza pa benchi imodzi ndi mphunzitsi wamkazi woyang'anira makompyutawo, mitu itagundana. Akuti akubwerera ku mapulogalamu akale, kuyesa iyi kenako iyo, mpaka apeze pamene vuto linayambira. Alamu anuwo amatumiza kauthenga pa intaneti, mayiyo n'kumaona nthawi imene yankho lafika.

"Mwaona, madamu? Iyi yachedwako pang'ono," anatero alamu anu kwa mphunzitsiyo, ndi mawu ofewa aja anandifunsira nawo ukwati. Achemwali, kuchedwa kwake sikufika ngakhale kuphethira kwa diso!

Ndinawafunsa kuti, "Nanga uthenga wanga uja woti mwana akutsokomola, bwanji simunayankhe?"

"Netiweki ya kuno imavuta, foni imakoka ya ku Malawi," anatero. Madamuwo n'kuseka.

Chonde munditumizire chitenje chokongola chija munandilonjeza, ndisamaoneke ngati wantchito wa madamuwo. Muwaimbirenso foni alamu anuwo, poti inu amakuopani. Muwafunse kuti munthu wozindikira kompyuta ikachedwa kamphindi, alephera bwanji kuzindikira kuti mkazi wake wadikira sabata yonse?

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Tisauke