Galimoto ya apongozi anu yatsika

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mwendo uja ukukupatsani mpata masiku ano? Ife kuno tili bwino. Mdzukulu wanu wamera mano awiri ndipo akuluma chilichonse, ngakhale makiyi a bambo ake.

Paja tinalonjeza kuti tibwera mwezi uno kuti mumuone mwanayu, poti chibadwire mumangomumvera pafoni. Nkhani yake yayenda motere.

Apongozi anu anagula galimoto ija ndinakuuzani, yofiira, ya zitseko ziwiri, yolira ngati yakwiya. Loweruka lapitali anabwera ndi katoni yaitali. Munali chipulasitiki chakuda chomanga kunsi kwa bampala, chimene eni ake amachitcha lipu, ndi timasefa tachitsulo totseka mabowo a kutsogolo. Akuti zimathandiza kuti galimoto igwire msewu ikamathamanga. Komwe amathamangirako ine sindikudziwa, chifukwa kuntchito kwawo ndi pafupi.

Kwa makaniko anakana kupita, ati angawakandire penti. Anaikweza pa jeke pakhomo pompano, nagona chagada pansi pake. Timasefa sitinavute, tinangolowa. Lipu ndiye inafuna anthu awiri, choncho ine ndinagwira mbali imodzi, mwana ali kumbuyo, iwo akuboola bampala ndi kumanga masikuluwu. Kawiri konse anandidzudzula kuti ndapendeketsa.

Atatsitsa jeke, ndinapisa dzanja pansi pa lipuyo. Chikhatho chinangolowa mokhula. Pomwepo ndinakumbukira ngalande ija ya pamsewu wolowera kwathu, yomwe ngakhale ngolo imadutsa mwaulemu. Ndinawafunsa kuti tikaoloka bwanji. Anandiyankha akupukuta m'manja kuti galimoto yotere si ya misewu imeneyo.

Ndinapempha kuti aichotse lipuyo kwa masiku a ulendo okha, adzaibwezeretse tikabwerako. Anati kumasulamasula kumakulitsa mabowo, bampala ingang'ambike. Ndiye anati tidikire mpaka msewu wanu adzaukonze. Amayi, msewu umenewo ndinaupeza choncho pobadwa.

Sindinakangane nawo. Koma zinandipweteka. Masiku ano pa hampu iliyonse amaima, n'kuikwera chopingasa pang'onopang'ono, khutu lili kunja, magalimoto akuimba mahutala kumbuyo. Sindinadziwe kuti munthuyu ali ndi chifatso chotere. Ine sindinachionepo.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze achimwene adzatidikire pa siteji Lachisanu masana ndi njinga, chifukwa ndikubwera pa basi ndi mwanayu. Chipinda chachikulu musavutike n'kukonza, tidzagona m'chipinda chanu momwemo. Katundu achulukirapo, ndiye pa tsiku lobwerera musandifunse msanga.

Mupereke moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa mng'ono wanga, yemwe ayambiretu kulimbitsa msana wobereka mwana. Apongozi anu sanapereke moni. Ali panja, akupukuta lipu.

Ndine mwana wanu,
Wachisamba