Samu Ija ya 6 Inalibe Yankho

Barking, London
12 Novembala 2006

Okondedwa achimwene a Overton,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwa kuno kwandilowa m'mafupa, ndipo mwana wanga Betty amachoka kuntchito kuchipatala ali wotopa, moti ndimaswera ndekha m'nyumba.

Mukukumbukira chaka chija bambo anati sangathe kuphunzitsa ana awiri, napempha aphunzitsi a Paterson kuti atiyese? A Paterson anati tipeze manambala awiri athunthu, iliyonse tiichulukitse ndi iyo yomwe, ndipo tikachotsa yankho laling'ono pa lalikulu patsale 6. Ine ndinatuluka thukuta mpaka kulephera. Inu munalowa nokha kwa aphunzitsi, n'kutuluka mukuti mwakhoza. Munapitiriza sukulu, ine n'kutsata ng'ombe.

Lamulungu lapitali ndinafotokoza nkhaniyi kwa mkamwini wanga Edgar, amene amaphunzitsa masamu ku Ilford. Ndinkayesa andiuza yankho kuti ndife ndikulidziwa. Iye anasiya kudya, nandifunsa kawiri ngati inalidi 6.

Anati nambala iliyonse yosagawika pawiri imatheka: 4 kuchulukitsa 4 ndi 16, kuchotsa 9, patsala 7. Yogawika panayi imathekanso: 9 kuchotsa 1 ndi 8. Koma 2, 6, 10, 14 sizitheka mpang'ono pomwe. Anati ukaphatikiza manambala awiriwo, ukawachotseranso, mayankho awiri umapezawo ukawachulukitsa ndiye chotsala chija, ndipo onse amakhala ogawika pawiri kapena onse osagawika. Tsono 6 ndi 2 kuchulukitsa 3, kapena 1 kuchulukitsa 6: ina imagawika, inzake ayi. Ndinamubwerezetsa mpaka ndamva ndi mutu wanga womwewu, uja munkauseka.

Moyo wanga wonse ndadziyesa mbuli chifukwa cha samu yopanda yankho! A Paterson, amene pambuyo pake anadzakhala apongozi anu, anatisiya. Wotsala wodziwa zimene zinachitika m'chipinda muja ndi inu nokha.

Pempho langa ndi limodzi. Mundilembere manambala awiri amene munapereka. Ngati mulibe, mupite pamanda a bambo mukawauze mokweza kuti mwana wawo wamng'ono sanalephere. Ine ndi thupi langali sindidzafikako.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mlongo wathu Dyna ndi adzukulu onse. Betty akuti moni kwa atate ake aakulu.

Ndine mng'ono wanu wodikira yankho,
Biswick