Njinga ya Malemu pa Kanjira ka ku Nkaya

Loweruka madzulo. Kwazizira bwino, mtima uli m'malo.

Lero ndapalasa njinga koyamba chimwalirireni amuna anga. Ndi njinga yawo, yakhala pakhonde chaka chathunthu. Adokotala anati kuthamanga kwa magazi kwangaku sikufuna mapiritsi okha, kukufunanso thukuta.

M'tauni ya Balaka muno wanjinga alibe pake. Pafupi ndi msika lole inandilizira hutala, ndinatsikira kufumbi. Ndinatsala pang'ono kubwerera. Koma nditalowa kanjira kotsata njanji kolowera ku Nkaya, kunali zii, milambe ndi minda ya thonje basi.

Mayi wina wosenza nkhuni anandiimitsa. "Aphunzitsi, kwagwanji? Kuli maliro?"

"Iyayi mayi, ndikungoyenda."

"Kungoyenda? Panjinga, opanda katundu?" Anaseka mpaka kutula mtolo. Nanenso ndinaseka, ndipo ndinadabwa kudzimva ndikuseka chonchija.

Tsopano msana ukuwawa. Chishalo chatalika, malemu anachikweza okha molingana ndi miyendo yawo. Lolemba ndipite nayo kwa okonza njinga akachitsitse. Kapena ndichisiye kaye momwemo, sabata imodzi yokha, poti...