Zikomo ya Esinati

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, kungoti kutopa. Mvula ya chaka chino inangotinamiza, chimanga chinapserera chisanabereke. Achimwene ku Nkope akuti ndi usipa womwe ukusowa. Akazi awo achira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno yanu ija watenganso, pepani.

Nyumba yanu sinagwe. M'menemo mukukhala mayi wina wothawa nkhondo ku Mozambiki, a Rozita, ndi ana awo awiri. Anadutsa pa Chiponde atangosenza mphika ndi mkeka. Akalandira ufa wachikasu wa othawa nkhondo amatigawirako, ife n'kuwapatsa nkhuni ndi chigwada. Tangoganizani Amayi, eni mudzi kumadyetsedwa ndi alendo.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi mdzukulu wanu Esinati. Mwambo wanu uja sindinausiye, woti tisanasambe m'manja aliyense atchule chinthu chimodzi chothokozera Mulungu. Wina akati alibe, munkangoti, “Yang'ananso, mbale ikudikira.” Mlongo wake Yohane savuta, paja ndi wamng'ono. Tsiku lina anathokoza kuti galu wa kusitolo anamuthamangitsa koma sanamulume. Esinati ndiye ayi. Chiyambireni kudya kamodzi patsiku, ikafika nthawi yake amangoyang'ana pansi. Kukwaya ya ana anasiyanso kupita.

Nditamukakamiza anandifunsa kuti, “Ndithokoze chiyani, njala?” Ndinamuuza kuti ayang'ane ana a a Rozita, amene bambo awo anaphedwa iwo akuona. Iye anati, “Ndiye tizithokoza kuti anzathu akuvutika kuposa ife?” Pakamwa pamenepo ndi panu, musakane.

Ndinayesa kumubisira mbale monga munkachitira inu. Koma inu munkadikiritsa ana okhuta. Ine ndinaona mikono yake mmene yaonderamu, ndinangoibweza mbaleyo. Bambo ake akuti ndimusiye, njala ikatha adzayambiranso. Ine mantha anga ndi akuti akazolowera kuthokoza pokhapokha nkhokwe ikadzaza, ndiye kuti pemphero ndamutayitsa ndine. Komanso kunena zoona, nanenso masiku ena ndimachita kufunafuna chonena, ana akundiyang'ana pakamwa.

Dzulo tinadya mango aawisi owiritsa. Yohane anathokoza kuti ake anali aakulu. Ine ndinali nditakonzeka kale kumudumpha Esinati, kuopa mkangano, koma ndinangomva wayamba yekha, maso atatsinzina.

“Zikomo Ambuye kuti munawatenga agogo chakudya chikadalipo. Akanakhala pano bwenzi akutipatsa chawo, iwo n'kumanama kuti adya kale.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimudzudzule, poti munthu sathokoza maliro. Koma ndinakumbukira njala ya kale ija ndili mtsikana, mmene munkabwera madzulo n'kumati mwadya kwa anzanu, chonsecho milomo ili gwa. Ndinkayesa kuti sitinkadziwa. Kaya mwanayu anazionera kuti, koma ananena zoona, ndipo anazinena kwa Mulungu, osati kwa ine.

Ndiye ndinati Ameni, Amayi. Ine amene ndakhala ndikulira chichokereni inu, ndinavomera kuti munachita bwino kupita. Ngati ndalakwa mundikhululukire. Ndikukusowani tsiku lililonse, koma chaka chino sindikanafuna mukhale pano.

Mvula ikagwa tikangomaliza kubzala, ndidzabwera ndi Esinati kudzalambula pamanda panu. Mpaka nthawiyo ndipitiriza kuwafunsa anawa tisanadye, ngakhale m'mbale mukhale mango okhaokha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi